MAU OFANANA NKHOPE KOMA OSIYANA MTUNDU

Phunziro la akatekisiti ndi Akristu a m'mbali mwa nyanja

Msodzi wa ku Nkhudzi sasokoneza chambo ndi chamba, ngakhale mau awiriwa asiyana chilembo chimodzi chokha cha kumapeto. Mayi wa kumeneko akamva kuti mtengo wakwera, sathamangira kunja kukaona mlambe kapena mkuyu, pakuti adziwa kuti nkhani ili pa ndalama za pamsika. Khungu la pathupi ndi khungu la wosaona alembedwa chimodzimodzi, koma mwana wobadwira m'chinenerocho awasiyanitsa ndi khutu asanagwire n'cholembera chomwe. Chinenero cha makolo chili ngati mudzi umene munthu anabadwiramo: adziwa aliyense ndi mtundu wake, ngakhale akumane naye usiku.

Koma Chingerezi ndi mudzi wa eni, ndipo Mkristu wa masiku ano sangaulambalale. Ana a Sitandade 8 alemba mayeso ao ambiri m'Chingerezi. Makalata a ku boma afika m'Chingerezi. Mabuku ambiri ophunzitsa za Eklezia ali m'Chingerezi. Ndipo wansembe wachilendo akafika pa tchalitchi cha kumudzi, ndi katekisiti amene aimirira pambali pake kuti amasulire. Womasulira afanana ndi mwini bwato woolotsa anthu pa Shire: akalakwa nkhafi kamodzi, onse okweramo atsikira pa dooko losati lao. Liu limodzi lomasuliridwa mokhota litha kusokeretsa mpingo wonse pa chinthu cha chikhulupiriro.

Tsono nzeru ya phunziro lino ndi imodzi. Mau ali ngati anthu: kufanana nkhope si umboni wa chibale. Akulu akalandira mlendo wofanana ndi mbale wao, sayamba kumuyesa mbale pomwepo, koma amfunsa kwao ndi mfunda wake, kuti amve ngati ali Phiri, Banda kapena Mwale. Momwemonso liu la Chingerezi liyenera kufunsidwa kumene linachokera, pakuti gwero lake ndilo liulula tanthauzo lake.

CHIFUKWA CHAKE CHINGEREZI CHILI CHOTERE

Chingerezi chili ngati nyanja imene mitsinje yambiri ithiramo. Mtsinje woyamba ndi chinenero cha mafuko a Angles ndi Saxons, amene anaoloka kuchokera kumpoto kwa Germany nalowa m'chilumba cha Britain m'zaka za m'ma 400. Wachiwiri ndi Chilatini cha Eklezia, chimene chinabweretsanso mau ambiri a Chigriki, kuyambira pamene Augustine Woyera anafika ku Kent mu 597. Wachitatu ndi chinenero cha ma Viking ochokera ku Denmark ndi Norway. Wachinai, umene unasefukira koposa, ndi Chifalansa cha ma Norman, amene anagonjetsa England mu 1066. Mau ochokera ku mitsinje yosiyanayi, pokhala pamodzi zaka mazanamazana, anaperepeseka ngati miyala ya pagombe, kufikira ena a iwo anafanana ngakhale sanabadwe pamodzi.

Chifukwa china ndi makina osindikizira mabuku. William Caxton anakhazika makina oyamba a ku England pa Westminster mu 1476, ndipo kalembedwe ka mau kanayamba kuuma, kufikira dikishonale ya Samuel Johnson ya mu 1755 inakalimbitsa ndithu. Koma pakamwa pa anthu sipanaume, katchulidwe kanasinthabe. Ndicho chifukwa chake lero alipo mau olembedwa mofanana koma otchulidwa mosiyana, ndi enanso otchulidwa mofanana koma olembedwa mosiyana.

MNGELO, NGODYA NDI MBEDZA

Palibe mau amene ana a sukulu awasokoneza kawirikawiri koposa angel ndi angle. Zilembo zake ndi zomwezo zisanu. Ziwiri za kumapeto zokha zasinthana malo. Angel ndi mngelo. Liuli linachokera ku Chigriki angelos, ndiko kuti mthenga, nilidzera ku Chilatini angelus, kumenenso Chichewa chinatenga liu lake lakuti mngelo. Dzinali linena ntchito ya mzimuwo, kuti ndi wotumidwa ndi Mulungu, monga Gabriel anatumidwa kwa Maria Virgo.

Angle ali pawiri. Woyamba ndi ngodya, imene ana aiyesa pa masamu ndipo amisiri aiyesa pomanga nyumba. Iyeyu anachokera ku Chilatini angulus. Wachiwiri ndi kuwedza nsomba ndi mbedza, ndipo munthu wochita zimenezi atchedwa angler. Alendo amene afika ku Nkhudzi ndi ndodo zao zowedzera ndiwo ma angler. Msodzi wa khoka kapena wa chilimira satchedwa dzinali ai. Angle wachiwiriyu anachokera ku Chingerezi chakale, m'mene mbedza inkalembedwa angel, pamene mngelo ankalembedwa engel. Kufikira lero m'Chijeremani Angel ndi chowedzera nsomba, Engel ndi mngelo. Ngodya ndi mbedza ndi pachibale cha kutali, pakuti zonse ziwiri zinatuluka ku tsinde lakalekale lotanthauza chinthu chopindika.

Angles aja, amene anapatsa dzina dziko la England, chinenero cha English ndi mpingo wa Anglican, anachokera ku dera lotchedwa Angeln. Bede Woyera, amene anamaliza kulemba mbiri ya Eklezia wa ku England mu 731, asimba kuti Gregory Wamkulu asanakhale Papa anaona anyamata oyera nkhope akugulitsidwa ngati akapolo pa msika wa ku Roma. Atamva kuti mtundu wao ndi Angli, iye anayankha kuti dzinalo liwayenera, popeza nkhope zao zinali ngati za angeli, ndipo ayenera kukalandira cholowa pamodzi ndi angelo kumwamba. Atakhala Papa mu 590, iye yemweyo anatuma Augustine kwa anthuwo. Nkhaniyi si yachilendo kwa anthu a kuno, pakuti magulu a akapolo ankaoloka Shire kwa Mponda pa ulendo wa ku Kilwa kufikira zaka za m'ma 1890. Koma wowerenga aone bwino: Gregory anadziwa kuti Angli ndi angeli si liu limodzi. Anaseweretsa kufanana kwa mauwo kuti aonetse ulemu wa kapolo pamaso pa Mulungu. Mlaliki aloledwa kutero, womasulira saloledwa.

MUTU WA MTUNDA NDI CHOFUNDA CHA MSILIKALI

Kumpoto kwa Nkhudzi, kupitirira Monkey Bay, kuli Cape Maclear, kumene eni ake akutcha kwa Chembe. David Livingstone anatcha malowo dzinali mu 1861 polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town, ndipo amishoni a Livingstonia anamanga pamenepo mu 1875 asanasamukire ku Bandawe mu 1881. Cape ameneyu ndi mtunda umene walowa m'madzi ngati mutu, ndipo gwero lake ndi Chilatini caput, ndiko kuti mutu. Abale ake ndi captain, mutu wa sitima kapena wa asilikali. Capital, mzinda umene uli mutu wa dziko. Ndi chapter, mutu wa m'buku. Ngakhale kapitao wa pa ntchito, amene Chichewa chinamtenga ku Chipwitikizi, ndi mdzukulu wa caput yemweyo.

Koma alipo cape wina wolembedwa chimodzimodzi, amene ali chofunda chopanda manja chovala pamapewa. Iyeyu anachokera ku liu lina la Chilatini, cappa, ndipo mbiri yake ndi yokoma kwa Mkristu. Martin Woyera wa ku Tours, amene anamwalira mu 397, akali msilikali anakumana ndi wopemphetsa wogwidwa ndi chisanu pa chipata cha mzinda wa Amiens, nadula chofunda chake pakati ndi lupanga, nampatsa theka. Pambuyo pake mafumu a ma Frank anasunga chofunda cha woyerayo ngati chuma chopatulika, nachitcha cappella, ndiko kuti kachofunda. Kanyumba kosungiramo kanatenga dzina lomwelo, ndipo ansembe osunga anatchedwa cappellani. Kumeneko ndiko kunachokera chapel, katchalitchi kakang'ono, ndi chaplain, wansembe wotumikira pa chipatala, pa sukulu, ku ndende kapena kwa asilikali. Cope, chovala chachitali chimene wansembe avala pa mdalitso wa Ukaristia, ndi mwana wa cappa yemweyo. Chotero aliyense wolowa mu chapel alowa pansi pa chofunda chimene chinagawidwa kwa wosauka.

Liu lakuti bay, limene alendo analiphatika pa Nkhudzi Bay ndi Monkey Bay, linena malo amene nyanja yalowa kumtunda ngati uta, ndipo linadzera ku Chifalansa baie. Komatu m'Chingerezi muli ma bay enanso atatu osachita nalo chibale: mtengo wa masamba onunkhira, kuchokera ku Chilatini baca, kachipatso, kavalo wofiirira, kuchokera ku badius, ndi kuuwa kwa agalu osaka nyama. Nkhope imodzi, mitundu inai.

CHOMBO NDI MCHOMBO

Ku Monkey Bay kuli dooko la sitima ya Ilala, imene zitsulo zake zinasulidwa ku Scotland nizilumikizidwa pomwepo, niyamba maulendo ake mu 1951. Kulinso asilikali a pamadzi. M'Chingerezi gulu la nkhondo la pamadzi ndi navy, zinthu zake ndi naval, ndipo kuyendetsa sitima ndi navigate. Onsewa ndi ana a Chilatini navis, chombo. Mbale wao wina ali m'tchalitchi: nave ndi mbali yaikulu ya nyumba ya Mulungu, kuyambira pakhomo kufikira pafupi ndi guwa, m'mene mukhala anthu. Akristu akale anaitcha chombo, popeza Eklezia afanizidwa ndi ngalawa ya Petro pakati pa namondwe, ndiponso denga la matchalitchi akulu, ukaliyang'ana uli m'kati, lioneka ngati bwato lovundikira. Anthu a ku nyanja, amene adziwa mkuntho wa mwera, amvetsa fanizoli koposa anthu a kumapiri.

Koma navel, wosiyana ndi naval pa chilembo chimodzi, sadziwa madzi konse. Iye ndi mchombo wa pamimba, ndipo anachokera ku Chingerezi chakale nafela. N'chodabwitsa kuti Chichewa chili ndi msampha womwewo pa zinthu zomwezo: chombo ndi mchombo. Mwana amene asokoneza naval ndi navel akumbutsidwe mau awiri a kwaowa, ndipo sadzaiwalanso.

MISAMPHA YA PAKHOMO LA TCHALITCHI

Mass wa chilembo chachikulu ndi Misa, kuchokera ku Chilatini missa, liu limene limveka pa mapeto a nsembe pamene anthu auzidwa kuti apite. Tsinde lake ndi mittere, kutuma. Christmas ndi Misa ya Kristu. Koma mass wa chilembo chaching'ono ndi mulu wa zinthu kapena khamu la anthu, kuchokera ku massa, chibuma cha ufa wokanda. Wowerenga nyuzi akapeza mass meeting asayese kuti kunali wansembe; unali msonkhano wa anthu ambiri chabe. Apanso Chichewa chili ndi chitsanzo chake: mtanda wa nsima ndi mtanda wa Ambuye alembedwa mofanana, koma palibe Mkristu awayesa chinthu chimodzi.

Host ali patatu. Woyamba ndi mkate wopatulika wa pa Misa, kuchokera ku hostia, nyama yoperekedwa nsembe. Wachiwiri ndi mwini nyumba wolandira alendo, kuchokera ku hospes; abale ake ndi hospital, hostel ndi hotel, ngati mahotela amene andanda m'mbali mwa nyanja kuchokera ku Mangochi kufikira ku Monkey Bay. Wachitatu ndi khamu la ankhondo, kuchokera ku hostis, mdani, kumenenso kunachokera hostile. Dzina la Mulungu lakuti Lord of hosts lili pa host wachitatuyu: linena Mwini makamu a kumwamba. Katekisiti wolimasulira kuti Ambuye wa mikate yopatulika aoneka ngati wanena zachipembedzo, koma waphonya Malembo.

Altar ndi guwa la nsembe, kuchokera ku altare. Alter ndi kusintha chinthu, monga telala asintha malaya, kuchokera ku alter, china. Parish ndi parishi, kuchokera ku Chigriki paroikia, anthu okhala moyandikana ngati alendo m'dziko la eni, dzina limene Akristu oyamba analikonda pokumbukira kuti kwao kwenikweni ndi kumwamba. Perish ndi kuonongeka kapena kufa, kuchokera ku Chilatini perire. Mlembi wa bungwe la tchalitchi asamale polemba kalata, kuti angaphe parishi yake ndi chilembo chimodzi.

Pray ndi kupemphera, kuchokera ku precari, kupempha. Prey, wotchulidwa chimodzimodzi, ndi nyama yogwidwa ndi chilombo, kuchokera ku praeda, zofunkha. Nkhwazi imene itsomphola nsomba pa Nkhudzi ndi bird of prey. Pa awiriwa anthu a kuno aonjezapo wachitatu, play, kusewera. Chifukwa chake n'chakuti m'Chichewa l ndi r ndi liu limodzi, ndipo lamulo la kalembedwe lokha ndilo linena kuti r alembedwe pambuyo pa i ndi e. M'Chiyao namo r mulibe. Koma kwa Mngerezi zilembo ziwirizi zisiyana ngati mbuzi ndi nkhosa. Mphunzitsi amene afuna kuitana ana ku pemphero m'Chingerezi aphunzitse lilime lake, kuti angawatume ku bwalo la mpira.

Lent wa chilembo chachikulu ndi nyengo ya Lenti, kuchokera ku Chingerezi chakale lencten, nyengo imene usana uyamba kutalika ku Ulaya chisanu chitatha. Kuno kumwera Lenti ifika chakumapeto kwa dzinja, usana ukufupika, kotero kuti dzinali lasunga nyengo ya dziko lina. Lent wa chilembo chaching'ono ndi kunena kuti munthu anabwereketsa kapena anakongoza, kuchokera ku lend.

ABALE ENIENI

Msampha uli ndi mbali yachiwiri. Monga alipo alendo ofanana nkhope, alipo abale a mimba imodzi amene aoneka ngati sadziwana. Fast ndi kusala kudya, fast ndi kufulumira, ndipo wina angayese kuti awiriwa angokumana panjira. Komatu onse anabadwa kwa liu lakale lotanthauza cholimba, chogwira zolimba, limene likalipo mu fasten, kumangitsa. Wosala kudya ndiye wogwiritsa lamulo. Wothamanga mwamphamvu ndiye anadzatchedwa wofulumira. Apa gwero la liu liphunzitsa katekisimu: kusala si njala chabe, koma kugwira zolimba.

Mass ndi mission afanana pang'ono pokha, koma tsinde lao ndi limodzi, mittere uja, pamodzi ndi message ndi dismiss. Ansembe a White Fathers amene anafika kwa Mponda mu December 1889 nakhalako kufikira 1891, ndi a Montfort amene anayamba ntchito ku Nzama mu 1901, anatchedwa amishoni chifukwa anali otumidwa. Mkristu aliyense wotuluka mu Misa ndi wotumidwanso, pakuti dzina lenileni la nsembeyo linena kutuma.

Holy, woyera, aoneka ngati mbale wa holly, kamtengo ka masamba a minga kamene Angerezi akongoletsa nako nyumba pa Khrisimasi. Koma pakati pao palibe chibale. Abale enieni a holy ndi whole, chathunthu, heal, kuchiritsa, ndi health, moyo wabwino wa thupi. Onsewa anatuluka ku liu lakale hal, chopanda chilema. Kwa makolo a Angerezi choyera chinali chinthu chathunthu chosang'ambika, ndipo sikulakwa kuti katekisiti akumbuke zimenezi pophunzitsa za sakramenti la kulapa ndi la kudzoza odwala.

ZOYENERA KUCHITA

Poyamba, wowerenga asamasulire liu lili lokha, koma aone mau oyandikana nalo, monga munthu adziwika ndi anzake oyenda nao. Host ali pafupi ndi guwa ndi wina, host ali pafupi ndi alendo ndi wina.

Kachiwiri, afunse dikishonale, ndipo asalekere pa tanthauzo loyamba. Madikishonale akulu alemba mau ofanana kalembedwe padera padera, ndi manambala 1, 2, 3, ndipo aonetsa chinenero chimene liu lililonse linachokera. Safunsa anadya phula.

Kachitatu, asanyoze Chilatini. Chiyambire pamene Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, mu December 1963, unatsegula khomo kuti mapemphero a Eklezia achitike m'zinenero za anthu, Chilatini chamveka pang'ono m'matchalitchi a kumudzi. Koma akulu amene anatumikira Misa ya Chilatini akali anyamata asunga mfungulo ya mau ambirimbiri a Chingerezi, ndipo achinyamata achita bwino kukhala nao pansi.

Kachinai, katekisiti amene adzamasulira ulaliki apemphe wansembe kuti aonere pamodzi mau ovuta dzulo lake, osati pa guwa pamaso pa anthu. Ndipo akakayika pakati pa ulaliki, n'kwabwino kuima ndi kufunsa koposa kupeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MSONKHANO WA AKATEKISITI

1. Kodi angel, angle ndi Anglican asiyana bwanji pa gwero ndi pa tanthauzo?
2. Nanga chapel ndi chaplain akhudzana bwanji ndi Martin Woyera wa ku Tours?
3. Host wa pa Misa anachokera ku liu liti, ndipo liulo liphunzitsa chiyani za Ukaristia?
4. Ndi mau ati a Chichewa kapena a Chiyao, kuonjezera pa mtengo, khungu ndi mtanda, amene alembedwa mofanana koma asiyana tanthauzo, ndipo mlendo wophunzira chinenerocho angathandizidwe bwanji kuti awasiyanitse?